Kusankha Ngolo Yotulutsira Zipika m'Nkhalango

Mu mzinda wa Harare mulibe nkhalango ya paini, komabe anthu odya za matabwa ndi ochuluka zedi m'malokesheni ake. Pa msika wa Glen View Area 8 amisiri mazanamazana akhoma mipando, makama, makabati ndi matebulo tsiku ndi tsiku, ndipo katundu wawo agulidwa ndi anthu ochokera m'zigawo zonse za Zimbabwe. Ku Mbare ndi ku Highfield aliponso okhoma zitseko, madenga ndi mabokosi a maliro. Pakati pa amisiri amenewa pali ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale a Southern Rhodesia. Chifukwa cha iwowa Chinyanja chimvekabe m'makwalala a Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa ndi Mufakose, kumenenso gule wamkulu avinidwa kufikira lero.

Matabwa ofewa amene amisiriwa agwiritsa ntchito achokera kum'mawa kwa dziko, ku mapiri a Nyanga, Penhalonga ndi Chimanimani, kumene kuli kozizira ndipo mvula ipitirira mamilimita 1,000 pa chaka. Kumeneko kunabzalidwa paini, makamaka mtundu wotchedwa Pinus patula umene kwawo ndi ku Mexico, pamodzi ndi bulugamu wochokera ku Australia. Bungwe la Forestry Commission linakhazikitsidwa mu 1954 kuti liziyang'anira nkhalango za boma, ndipo pambuyo pake minda yake ya malonda inaperekedwa ku kampani ya boma yotchedwa Allied Timbers. Makampani ena odziwika pa ntchitoyi ndiwo Border Timbers ndi Wattle Company. Paini wocheka matabwa atenga zaka pafupifupi 25 kuti akhwime. Kuyambira chaka cha 2000 minda ya mitengoyi yachepa chifukwa cha moto wolusa ndi anthu olowa kukalima ndi kukumba golide m'katimo, ndipo mu Malichi 2019 namondwe Idai anagwetsa mitengo ndi kugumula misewu ndi milatho ku Chimanimani.

Matabwa akamasowa ndi kukwera, wamalonda wa m'lokesheni ayamba kuganiza zopita yekha ku gwero. Ena asonkherana ndalama, pakuti mutu umodzi susenza denga, nagula mitengo ili chiimire m'munda wa kampani kapena wa mlimi, nabwereka macheka oyenda nawo. Apo ndi pamene akomana ndi chinthu chimene sanachiganizire ali m'tauni. Kuchokera ku Mutare kufika ku Harare pali makilomita 263 a msewu wa tala, ndipo malole oyenda m'menemo sasowa. Chovuta ndi kilomita imodzi kapena ziwiri zoyamba, kuchokera pa chitsa pamene mtengo wagwa kufika pa msewu kapena pa macheka. Lole silingalowe m'zitsa ndi m'matope. Ntchito ya ngolo yotulutsira zipika ili pa kamtunda kameneka, ndipo munthu woisankha molakwa ataya chuma cha banja lake ndi cha anzake, mwinanso moyo wa woyendetsa.

Njira zotulutsira zipika

Kale zipika zinkatulutsidwa pa mapewa a anthu kapena kukokedwa ndi ng'ombe ndi unyolo, ndipo m'minda yaing'ono njira zimenezi zikadalipo. Kenaka kunabwera kukoka ndi thirakitala. Kampani ya Bell Equipment ya ku South Africa, imene Irvine Bell anayambitsa mu 1954, inapanga makina a mawilo atatu onyamulira nzimbe m'zaka za m'ma 1960, ndipo makina omwewo anasinthidwa kuti azinyamula ndi kusanja zipika. Afala kwambiri m'nkhalango za kummwera kwa Africa. Pa mapiri otsetsereka zedi zipika zikokedwa ndi zingwe zachitsulo.

Kukhwekhwereza chipika pansi kuli ndi zoipa zitatu. Choyamba, mchenga ndi timiyala zilowa m'khungwa, ndipo zibunthitsa mano a macheka msanga, kotero kuti wocheka aimitsa ntchito kawirikawiri kuti anole. Chachiwiri, chipika chikumba ngalande m'nthaka, ndipo mvula ikabwera madzi atsata ngalandezo nakokolola dothi. Chachitatu, pamene akupatulira mitengo, ndiye kuti kudula ina ndi kusiya ina kuti ikule, zipika zokokedwa zisupula makungwa a mitengo yotsala, imene ndiyo chuma cha m'tsogolo. Zonsezi zichepa ngati chipika chinyamulidwa pa mawilo.

Palinso nkhani ya nthawi. Chipika cha paini chikagona m'nkhalango masabata angapo nyengo ya dzinja, nkhungu ilowa m'kati mwake ndi kuchidetsa ndi mizere yabuluu yotuwira. Thabwa lotere silifooka kwenikweni, koma wogula kabati kapena tebulo salifuna, ndipo mmisiri wa ku Glen View aligula motchipa. Choncho chotengera chimene chingagwire ntchito ngakhale pansi patanyowa chipulumutsa ndalama zambiri.

Mkono wachitsulo wonyamulira katundu ndi mphamvu ya mafuta, umene amalonda autcha kireni, unachokera ku Sweden. Eric Sundin wa ku Hudiksvall anayambitsa kampani ya Hiab mu 1944, ndipo mu 1947 anatulutsa kireni yoyamba yoyendetsedwa ndi injini ya lole lomwelo. M'zaka za m'ma 1960 maiko a kumpoto kwa Ulaya ndi Canada anayamba kupanga makina aakulu odzinyamulira okha zipika m'nkhalango. Makina amenewo adya ndalama zimene munthu wamba sangazikwanitse, tsono alimi a kumeneko, amene ambiri ali ndi nkhalango zawo zazing'ono, anatenga nzeru yomweyo naiika pa ngolo yokokedwa ndi thirakitala ya kumunda. Masiku ano ngolo zotere zipangidwa ndi makampani monga Kesla ya ku Finland, ndi Palms ndi Farma a ku Estonia, ndipo zambiri zinyamula matani apakati pa 6 ndi 15.

Mapangidwe ake ndi otere. Pakati pali msana wachitsulo, pamsanapo pali mitanda yopingasa imene zipika zigonera, ndipo m'mbali muli mizati yotchinga kuti zisagubuduke. Kutsogolo kuli chotchinga chachitsulo choletsa zipika kuti zisaserereke kukagunda woyendetsa. Kireni ikhala pakati pa chotchingacho ndi thirakitala, ndipo ku nsonga yake kuli mbaniro yogwirira zipika. Pansi pa kireni pali miyendo iwiri imene itsitsidwa pansi pokweza katundu.

Choyamba ndi chipika

Munthu wofuna ngolo asayambe ndi kufunsa ndalama zake, ayi, ayambe ndi kuyesa zipika zimene adzanyamula. Apa mmisiri wa m'tauni anyengeka msanga, popeza iye azolowera thabwa louma limene mwana angathe kulisenza. Mtengo wauwisi ndi wina, pakuti pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Paini wauwisi wokwana kiyubiki mita imodzi, ndiye kuti mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu, alemera pafupifupi tani imodzi, pamene wouma alemera ngati theka la tani. Bulugamu wauwisi alemera chimodzimodzi kapena kuposa. Chipika cha paini cha masentimita 30 kupingasa kwake ndi mamita 4 m'litali chili pafupi ndi makilogalamu 280. Cha masentimita 50 ndi mamita 5 chifika tani yathunthu. Kunenepa kwa chipika kukawirikiza kawiri, kulemera kwake kuwirikiza kanayi.

Tsono nambala ya matani yolembedwa pa ngolo siinena zonse. Wogula afunse ngati nambalayo ndi ya katundu yekha kapena iphatikiza ngolo ndi kireni yomwe, pakuti ziwirizi pazokha zingalemere matani awiri kapena atatu. Ayesenso malo a pakati pa mizati. Mwachitsanzo, ngati pakati pa mizati pali mamita 2 ndipo mizatiyo italika mita imodzi, zipika za mamita 4 zidzadzaza malo a makiyubiki mita 8. Koma zipika ndi zobulungira, zisiya mipata pakati pake, ndipo mipatayo idya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mtengo weniweni udzangopitirira pang'ono makiyubiki mita 5, ndiwo matani 5. Ngati ngoloyo inagulidwa monga ya matani 10, mwini wake walipira mphamvu imene sadzaigwiritsa ntchito.

Ndi mapolo aatali a bulugamu vuto litembenuka. Mapolo a mamita 7 kapena 8 pa ngolo yaifupi alendewera kumbuyo, kulemera kupita kuseri kwa mawilo, ndipo chitsulo chokokera chinyamula thirakitala kumbuyo m'malo moikanikiza pansi. Mawilo aakulu a thirakitala akapepuka sagwira nthaka, ndipo pa mtsetse woyendetsa sangathe kuilamulira. Wofuna kunyamula zipika zazifupi ndi mapolo aatali pa ngolo imodzi asankhe ya msana wotha kutalikitsidwa, kapena imene mitanda ndi mawilo ake zisunthika kutsogolo ndi kumbuyo.

Chachiwiri ndi malo

Nkhalango ya bulugamu ya pa chidikha, monga ya ku Mtao pafupi ndi Mvuma, siifanana ndi ya paini ya m'mapiri a Chimanimani. Pa chidikha ngolo wamba yolimba ingathe kugwira ntchito miyezi yambiri ya chaka. M'mapiri, kuyambira Novembala kufika Malichi, dothi lofiira literera ngati therere, ndipo zitsa zibisala m'nthambi zogwa.

Ngolo za m'nkhalango zili ndi mawilo anayi, awiri mbali iliyonse, omangidwa pa mtanda umodzi wopendekeka umene amalonda autcha bogie. Wilo lakutsogolo likakwera pa chitsa, lakumbuyo likhalabe pansi, ndipo ngolo ingonyamuka theka la msinkhu wa chitsacho. Ngolo ya wilo limodzi mbali iliyonse inyamuka msinkhu wonse, ndipo ikadzaza zipika kufikira pamwamba, kupendekeka kotere ndiko kuigubuduza. Wogula ayang'anenso mpata wa pansi pa ngolo, kuti usachepere theka la mita, ndi kuti mapaipi a mafuta akhale obisika m'kati mwa msana, posakodwa ndi nthambi. Matayala akhale otambalala ndi ochindikala. Otambalala satitimira msanga ndipo saumitsa nthaka imene mizu ya mitengo yotsala idalira.

Kukula kwa ngolo m'lifupi kuyenera kugwirizana ndi njira za pakati pa mizere ya mitengo. Ngolo yaikulu ikhota motambalala ndi kugunda mitengo ya m'mphepete. Chifukwa cha ichi ngolo zambiri zili ndi chokokera chopindika, chimene woyendetsa achikhotetsa ndi mphamvu ya mafuta ali pampando, kuti ngolo itsate mapazi a thirakitala ndi kulambalala zitsa. Pa chidikha ichi chingathe kusiyidwa, koma popatulira paini ndi chofunika ndithu. Zilipo ngolo zina zimene mawilo ake akankha okha pothandiza thirakitala pa chitunda. Zigulidwa ndi ndalama zambiri ndipo zili ndi zambiri zotha kuonongeka, kotero ziyenera munthu amene ntchito yake yonse ili m'mapiri. Ndipo ngolo ili yonse, ngakhale yabwino chotani, iyenera kuyenda molunjika chokwera kapena chotsika. Kuyenda mopingasa phiri ndi katundu ndiko kuitana ngozi, ndipo pali malo otsetsereka pamene nzeru ndiyo kukoka zipika ndi chingwe kufikira pamalo poti ngolo ingaime bwino.

Chachitatu ndi thirakitala

Ngolo siiyenda yokha, ndipo kawirikawiri thirakitala imene munthu ali nayo kale ndiyo ilamula kukula kwa ngolo imene angagule. Ngolo ya matani 8 kapena 10 ifuna thirakitala ya mahosipawa 80 kapena 100, ndipo m'mapiri ikhale yokoka ndi mawilo onse anayi. Koma mphamvu ya injini si nkhani yaikulu. Nkhani yaikulu ndi kulemera. Thirakitala ya mahosipawa 80 ilemera matani atatu kapena anayi okha. Ikakoka ngolo yodzaza imene pamodzi ndi katundu ifika matani 12, ndiye kuti kumbuyo kwake kuli chinthu cholemera katatu kuposa iyo. Pokwera chitunda chikachitika choipa, kawirikawiri ndi kukanika chabe. Potsika, ngolo ikankha thirakitala, niipinda m'khosi, niigwetsa cham'mbali.

Chifukwa chake ngolo ya m'mapiri iyenera kukhala ndi mabuleki akeake, makamaka pa mawilo onse anayi, ogwira pamodzi ndi a thirakitala. Ogulitsa ena asiya mabuleki kunja kuti ngolo ioneke yotchipa, nawawerengera padera. Apa si poyenera kuumira. Ndi bwino kugula ngolo yaing'ono ya mabuleki kusiyana ndi yaikulu yopanda mabuleki.

Ngolo imangidwe pa chokolowekera cha pansi chimene opanga thirakitala anaikira ntchito imeneyi. Kumanga katundu wolemera pamwamba pa mtanda wa mawilo akumbuyo kuchititsa thirakitala kudzuka kutsogolo ndi kugwa chagada, ndipo zimenezi zichitika mofulumira kotero kuti munthu sapeza mpata wodumpha. Thirakitala ya m'nkhalango ikhale ndi zitsulo zotetezera woyendetsa ikagubuduka, ndi lamba wa pampando, ndi chitsulo chophimba kumimba kwake kuti zitsa zisaboole pansi pa injini, ndi sefa wachitsulo kutsogolo woteteza rediyeta ku nthambi.

Kireni iyenda ndi mafuta okankhidwa ndi pampu. Makireni apakati afuna malita 30 kufika 50 pa mphindi imodzi, ndipo mathirakitala ambiri akale opezeka m'mafamu sapereka mafuta ochuluka chotero. Kireni yosowa mafuta iyenda pang'onopang'ono, ndipo mafuta atentha. Mankhwala ake ndiwo kugula ngolo yokhala ndi pampu ndi thanki yakeyake, yozunguzidwa ndi shafuti ya kumbuyo kwa thirakitala yotchedwa PTO. Ichi chili ndi ubwino winanso: ngoloyo ingathe kukokedwa ndi thirakitala yobwereka popanda kusakaniza mafuta akuda a wina ndi ake. Shafutiyo ikhale yophimbidwa nthawi zonse, pakuti ikagwira malaya a munthu siitaya.

Chachinayi ndi kireni

Munthu wonyamula ndowa ya madzi pafupi ndi thupi lake savutika, koma akatambasula mkono ndowa yomweyo imulemera. Kireni ichitanso chimodzimodzi. Imene inyamula makilogalamu 1,000 pa mamita 3 inyamula pafupifupi 500 okha pa mamita 6, ndipo pa amenewo pachotsedwe kulemera kwa mbaniro ndi chozunguzira chake, kumene kungafike makilogalamu 100 kapena kuposa. Ogulitsa akonda kutchula nambala yaikulu ya pafupi. Wogula afunse nambala ya kunsonga, mkono utatambasuka wonse, naiyerekeze ndi chipika chachikulu koposa cha m'munda umene wagula. Ngati muli zipika za tani imodzi, kireni yaing'ono idzangozikhwekhwereza kufikira zitayandikira, ndipo ntchito idzachedwa.

Makireni a ngolo zotere afika mamita 5 mpaka 8. Wautali athandiza popatulira, popeza ngolo siisuntha kawirikawiri ndipo siiponda nthaka yambiri. Koma kireni yaitali pa ngolo yaing'ono yopanda katundu iigwetsa. Miyendo itsitsidwe pa nthaka yolimba chipika chisananyamulidwe. Munthu asaime pansi pa katundu kapena pamene mkono ungafike, ndipo woyendetsa ayang'ane kumwamba ngati kuli mawaya a magetsi asanadzutse mkono.

Si ntchito yonse imene ifuna kireni. Pamene pali kale makina a mawilo atatu okweza zipika, kapena pamene katundu ndi mapolo aang'ono otha kunyamulidwa ndi anthu awiri, ngolo yamizati yopanda kireni ikwanira, ndipo ndalama zake zichepa kwambiri.

Chachisanu ndi kukonza

Ngolo zambiri zotere zipangidwa ku Ulaya, ndipo kachitsulo kakang'ono kakathyoka kangaimitse ntchito mwezi wathunthu kudikira kuti kabwere. Wogula afunse, asanalipire, ngati matayala a muyeso umenewo, mabering'i, mapaipi a mafuta ndi mphira zotsekera mafuta zipezeka ku Harare kapena ku Mutare. Ngolo yosavuta mapangidwe, ya zogwirira zamanja, iposa ya mabatani a magetsi pamalo pamene makanika ali kutali. Fumbi ndi madzi ndizo adani a pampu, kotero mafuta akhale oyera ndi sefa wake asinthidwe pa nthawi yake, ndipo mfundo zonse za mkono zipakidwe girizi tsiku lililonse la ntchito.

Amisiri owotcherera zitsulo a ku Siyaso ku Mbare ndi a ku Gazaland ku Highfield ali ndi luso, ndipo mizati, mitanda ndi chotchinga angathe kuzikonza kapena kuzipanga zatsopano. Koma mkono wa kireni upangidwa ndi chitsulo cha mtundu wapadera, chopyapyala ndi cholimba, chimene chifooka chikawotchereredwa mosayenera. Mkono wong'aluka usaperekedwe kwa wowotcherera aliyense. Ukathyoka uli ndi chipika m'mwamba, pansi pali anthu.

Ambiri agula ngolo zogwirapo kale ntchito, ndipo si kulakwa, malinga ayang'anitsitse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: penti watsopano abisa ming'alu. Malo oyenera kuyang'ana ndi pa tsinde la kireni, pa chokokera, ndi pamene mtanda wa mawilo ulumikizana ndi msana. Wogula agwedeze mkono kuti aone ngati mapini ake akhwepa. Anyamule chipika, achiimitse m'mwamba, adikire mphindi zingapo. Chikamatsika chokha ndiye kuti mafuta akudutsa m'kati mwa masilinda. Ayese mabuleki ngolo itadzaza, osati ili yopanda kanthu.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kuchuluka kwa ntchito

Funso lotsiriza ndilo ili: kodi ngolo iyenera kugulidwa n'komwe? Munthu angawerengere motere. Ngati kuchokera pa chitsa kufika pa macheka pali kilomita imodzi, ndipo kukweza, kuyenda, kutsitsa ndi kubwerera kutenga ola limodzi ndi theka, ngolo ichita maulendo 5 pa tsiku. Ndi matani 5 pa ulendo, ndiwo matani 25 pa tsiku. Gulu limene lagula mitengo ya matani 300 okha lidzamaliza m'masiku 12, ndipo masiku ena onse a chaka ngolo idzangoima kuchita dzimbiri, ngongole ikukula. Gulu lotere lichita bwino kulemba ganyu munthu amene ali nayo kale. Kugula kuyenera amene ali ndi pangano lolembedwa la mitengo ya miyezi yambiri, kapena amene akudziwa eni minda ena ofuna kuwatulutsira zipika.

Munthu akumbukirenso malire a ntchito ya ngoloyi. Chipika chikachekedwa, matabwa otuluka ndi theka lake kapena kucheperapo. Chotsala ndi utuchi ndi makungwa. Kutengera zipika ku Harare ndiko kulipirira ulendo wa madzi ndi utuchi, ndipo thirakitala yoyenda makilomita 25 kapena 30 pa ola siingapikisane ndi lole pa tala. Ngolo itulutse zipika kufika pa msewu kapena pa macheka apafupi, lole litenge matabwa. Malamulo a Zimbabwe a mu 2012 anena kuti wogulitsa kapena wonyamula nkhuni ndi mitengo akhale ndi chilolezo cha Forestry Commission, kotero ndi bwino kukafunsa ku ofesi yawo za mapepala ofunika mtengo woyamba usanagwe.

Woyendetsa nayenso ndi mbali ya chisankho. Kudziwa kulima ndi thirakitala sikupangitsa munthu kukhala wodziwa kireni kapena kutsika phiri ndi matani khumi kumbuyo. Pafupi ndi Mutare pali sukulu za Zimbabwe College of Forestry ndi Forest Industries Training Centre, zimene ziphunzitsa ntchito za nkhalango ndi za macheka, ndipo m'Manicaland muli anthu amene akalambira pa ntchito yotulutsa zipika m'makampani aakulu. Malipiro a munthu wotere achepa poyerekeza ndi ndalama zokonzera thirakitala yogubuduka.

Dongosolo loyenera tsono ndi ili. Ofuna ngolo apite poyamba ku nkhalango ndi tepi yoyezera, ayese zipika zazikulu ndi zazing'ono, ayende pansi njira yonse kuchokera pa chitsa kufika pa msewu, makamaka mvula itagwa, naone zitunda, zitsa ndi madambo. Ayang'ane thirakitala imene idzakoka, kulemera kwake ndi pampu yake. Awerengere masiku a ntchito pa chaka. Afunse ocheka ndi oyendetsa a komweko zimene zithyoka kawirikawiri ndi kumene zigulidwa, pakuti safunsa anadya phula. Akatha zonsezi ndi pamene apite kwa wogulitsa, atanyamula manambala awo olembedwa pa pepala, ndipo ngolo imene igwirizana ndi manambalawo ndiyo yoyenera kugula, ngakhale itakhala yaing'ono koposa pa bwalo lonse la malonda.